Mfuti yakale ya ku Birmingham: ndipite nayo kumvula kapena ikhale m'kabati?

Mlenje_wa_Nith
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito pa famu ina kufupi ndi Dumfries ku Scotland, ndipo nyengo ya ulenje ikakwana ndimapita nawo Loweruka kukavumbulutsa mbalame zotchedwa pheasant kuti alenje aziwombere. Chiphaso cha shotgun apolisi anandipatsa chaka chatha. Mwezi wathawu ndagula mfuti yakale pa okushoni: 12 bore (muyeso wa kukula kwa mpope), mipope iwiri yogundizana m'mbali, boxlock (mtundu wa makina ake owombera) ya ku Birmingham. Ogulitsa anati ndi ya m'ma 1920. Thabwa lake la walnut n'lokongola moti ndikaitulutsa m'kabati ndimangoiyang'ana.

Tsono vuto ndi mvula. Amene mumakudziwa kuno mukudziwa kuti kuyambira Okutobala mpaka Januwale kumangokhala mvumbi. Mnzanga wa kuntchito akuti mfuti yotere sayenda nayo pamvula, ndigule ina ya thabwa la pulasitiki yoti izinyowa. Bambo wina wachikulire amene timasaka naye akuti zimenezo n'zamkutu, mfuti anaipangira kuthengo. Ndimve ziti? Chomwe ndikulakalaka kwenikweni n'kukayesa abakha ndi atsekwe ku Solway, gombe la nyanja lomwe lili pakati pa Scotland ndi England.

Zondiona_Leeds
Mwachoka ku Malawi konse kuja kudzasaka abakha pamvula? M'masitolo atha?

Mlenje_wa_Nith
Achimwene, bakha wa m'furiji ndi bakha wodzivutikira wekha sakoma chimodzimodzi.

Madala_a_Brum
Mphwanga, za mvula tikamba, koma zisatsogole. Yambani mwachotsa kathabwa kakutsogolo kaja, mumasule mipope, muitembenuze. Pansi pake, kufupi ndi polowetsera zipolopolo, pali malo osalala pamene anadindapo tizizindikiro. Mbiri ya mfuti yanu ili pamenepo, osati pakamwa pa wogulitsa.

Kuno ku Britain lamulo sililola kugulitsa mfuti yomwe sinayesedwe ku proof house. Nyumba zoyesera zilipo ziwiri, ya ku London ndi yathu ya kuno ku Birmingham, imene inakhazikitsidwa mu 1813 ndipo ikugwirabe ntchito pa Banbury Street. Amaiwombetsa ndi chipolopolo champhamvu kuposa chomwe mlenje angaikemo, ikapirira n'kuidinda. Inu mufufuze ngati pali mawu akuti NITRO PROOF kapena zilembo NP. Ngati palibe ndiye kuti inangoyesedwa ndi wonga wakuda wakale uja, ndipo zipolopolo za masiku ano musaikemo ngakhale chimodzi.

Kenako muone kutalika kwa chamber, malo omwe chipolopolo chimakhala mumpope. Mfuti zambiri za ku England za zaka zimenezo ndi za mainchesi 2½, kapena kuti mamilimita 65, pomwe zipolopolo zodzaza m'masitolo lero ndi za 70. Chopusitsa n'chakuti cha 70 chimalowa bwinobwino, mfuti n'kutsekeka, chifukwa muyeso umenewo ndi wa chipolopolo chitatseguka kukamwa mutawomba kale. Potseguka chimasowa malo, mphamvu n'kuchuluka mumpope. Kulowa si umboni woti n'chake.

Komanso chidindo cha zaka 100 zapitazo chimanena za mfuti momwe inalili tsiku limenelo. Pakatipa mwina wina anapala mkati mwa mipope pochotsa tizibowo ta dzimbiri, chitsulo n'kupyapyala. Pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti akayeze. Amisiri ambiri kuno amayamba kukwinya nkhope chitsulo chikatsika kufika pa 20 thou, kutanthauza magawo 20 mwa magawo 1,000 a inchi. Akakuuzani kuti ili bwino, mubwere tikambe za mvula.

Wosunga_Zakale
Zomwe anena madala n'zoona, koma ine langa n'lachidule: musapite nayo. Ndimasonkhanitsa mfuti zakale, zina ndi zija za tinyundo takunja, za mipope ya Damascus imene ankapanga popiringiza chitsulo chofewa ndi cholimba n'kuzisula pamodzi mpaka mpope kutuluka mizeremizere. Luso limenelo linapita ndi eni ake. Mtundu wa bulauni wa pamipope, mitundu ya buluu ndi yachikasu ija imaoneka pa action (chitsulo cholumikiza mipope ndi thabwa), timizere tojoba pogwirira, zonsezi zikafufutika sizibwerera. Mukhoza kukonzetsa, inde, koma imakhala ntchito ya munthu wa lero, osati ya mmisiri wa 1920. Ife tikungosungira obwera m'mbuyo mwathu. Baikal ya ku Russia kapena AYA ya ku Spain yogwiritsidwapo kale ntchito muipeza motchipa. Imeneyo ndiyo inyowe.

Madala_a_Brum
A Wosunga, timalemekezana, koma apa ndikana. Boxlock anaitulukira Anson ndi Deeley, amisiri a kwa Westley Richards, mu 1875. Ili ndi zitsulo zochepa, zobisika mkati, ndipo siivuta kukonza. Amisiri a ku Gun Quarter, dera la opanga mfuti kuno, anapanga zambirimbiri za alimi, za alonda a nyama m'ma estate, zina n'kumatumiza kumaiko omwe Angerezi ankalamulira. Mukuganiza kuti mlonda wa ku Galloway ankayamba wayang'ana mitambo asanatenge mfuti? Ngakhale za mabwana, za Purdey kapena Holland & Holland za ku London, zinkakwera mapiri pa 12 Ogasiti, tsiku lotsegulira kusaka mbalame zotchedwa grouse, kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti bwana anali ndi wantchito woipukuta usiku womwewo. Khasu silichita dzimbiri kumunda, limachita dzimbiri pakhonde pomwe analiponya ndi matope ake.

Wosunga_Zakale
Khasu likatha mumakagula lina kumsika, madala. Iyi mukaigula kuti?

Madala_a_Brum
Pa okushoni pomwe waigula mphwangayu. Ma boxlock wamba a ku Birmingham achuluka moti ena amagulidwa pamtengo wosafika wa foni. Ikanakhala round action ya Dickson ya ku Edinburgh ndikanakumverani pang'ono. Pang'ono pokha.

NaPhiri_Glasgow
Moni nonse. Ine ndinayamba ndi kuwombera timbale tadothi touluka tija, pano ndimasakako nkhunda zakutchire kwa mlimi wina ku Ayrshire, ndipo mfuti yanga ndi Webley & Scott 700, yomwe si yadzulo. Yanyowa kosawerengeka. Ndikuuzeni zomwe ndimachita, achimwene, muone ngati mungakwanitse, chifukwa ngati simungakwanitse ndiye bola mumvere a Wosunga.

Ndisananyamuke ndimapaka mafuta pang'ono pa zitsulo zakunja, thabwa n'kulipaka phula. M'galimoto mumakhala nsalu youma. Ndikangomaliza kusaka ndimaipukuta pomwepo, isanalowe m'chikwama chake. Chikwamacho ndiye mdani wamkulu. Mkati mwake muli ubweya womwe umamwa madzi, ndiye mukaisiya momwemo mpaka m'mawa mupeza madontho ofiira pamipope. Ndikafika kunyumba ndimaimasula zigawo zitatu, kupukuta paliponse, kudutsitsa nsalu m'mipope, ndi kutulutsa madzi m'mbali mwa rib, kachitsulo kolumikiza mipope iwiri, ndi kapepala kapena kathonje. Pansi pa extractor, kachitsulo kotulutsa chipolopolo, pamabisalanso madzi. Kenako ndimaisiya m'chipinda chomwe ndili, iume yokha, ndisanaipake mafuta n'kuitsekera m'kabati.

Musaiyandikize pa hita. Thabwa lonyowa likauma mofulumira limang'aluka, makamaka pokumana ndi chitsulo, ndipo kupangitsa thabwa latsopano n'kodula kuposa mfuti yonseyo. Mawa lake muitulutsenso muione, chifukwa kabati yachitsulo imachita thukuta m'nyumba zozizira za kuno.

Zondiona_Leeds
Ntchito yonseyi chifukwa cha nkhunda? Mwana wakhanda amaposa pamenepa?

NaPhiri_Glasgow
Imatha msanga kuposa kutsuka mapoto a nsima, achimwene. Kapena kwanuko amatsuka ndi alamu?

Mbadwa_ya_Thyolo
Nkhaniyi yandikumbutsa agogo anga aamuna. Anali mlonda pa estate ina ya tiyi kwathu, ndipo anali ndi mfuti ya Greener, ya mpope umodzi, yotsegula ndi chitsulo chokokera pansi. Ankathamangitsira anyani m'chimanga, nthawi zina n'kubwera ndi nkhanga. Mwezi wa Juni chiperoni chikagwira, mawawa osalekeza, iwo ankayenda nayo choncho. Madzulo ankakhala pakhonde n'kumaipukuta ndi mafuta a makina osokera a agogo aakazi, mkangano wake tsiku lililonse. Sindinaionepo ndi dzimbiri.

Madala_a_Brum
Imeneyo ndi Greener GP, ya kuno kwathu ku Birmingham, ya kampani ya W.W. Greener. Kachitidwe kake anatengera mfuti ya asilikali ija ya Martini, n'chifukwa chake ili ndi chokokera chapansi. Inalinso ndi mbale wake wopangidwira apolisi a m'maiko a atsamunda. Mpaka lero m'nkhani za apolisi kumudzi mumamva kuti agwira munthu ndi mfuti ya Greener yopanda chiphaso. Zinafala chifukwa n'zolimba, sizidziwa kudwala.

Koma mafuta a makina aja ndi abwino pachitsulo pokha. Mfuti zambiri zakale zomwe ndaziona zinawonongeka ndi mafuta kuposa madzi. Munthu amathira ochuluka m'mipope, n'kuiimika m'kabati kukamwa kuli m'mwamba. Mafuta amatsika pang'onopang'ono n'kulowa m'thabwa pokumana ndi action, thabwalo n'kuda, kufewa, kenako kusweka. Mphwanga wa ku Nith, yang'anani pamenepo ngati pali pakuda. Ndipo muziiimika mozondotsa, kukamwa pansi. Thabwa limafuna mafuta a linseed, kadontho kokha, opaka ndi chikhatho.

Che_Gogodela
Inu mukukamba za Greener, ife kwathu ku Machinga tinakula ndi gogodela. Wonga pakamwa, machaka pakamwa, kusinja ndi ndodo. Imeneyo ndiye inkadana ndi mvula zenizeni. Wonga ukangonyowa mlenje amabwerera chimanjamanja, mwinanso mfuti n'kuchedwa kulira, n'kudzalira munthu atayamba kale kuitsitsa. Ndikuona ngati mantha a mvulawa anachokera kumeneko, anthu n'kumangowapatsira mfuti zomwe sizili choncho.

Wosunga_Zakale
Pamenepo mwalasa, ndipo si kwathu kokha. Zotsalira za wonga wakuda zimakoka chinyezi, n'chifukwa chake akale ankatsuka mipope ndi madzi otentha akangowombera. Tizipewa toyatsira moto m'zipolopolo zakale natonso tinkasiya mchere wodya chitsulo. Tizibowo mumaona mkati mwa mipope yakale tambiri tinachokera kumeneko. Koma izi zikundithandiza ine, osati madala: mfuti yomwe ili kale ndi tizibowo imasunga madzi m'tizibowomo. Mpope wa Damascus ndiye kwambiri, chifukwa madzi amatha kulowa m'misoko yake mmene diso silifika.

Madala_a_Brum
Ya mphwangayu si Damascus, a Wosunga. Musamuopseze ndi matenda a mfuti zanu.

Mayi_a_Chisomo
Pepani ndilowerere. Ine nkhani yonseyi sikundisangalatsa. Tili m'dziko la eni, tikulera ana, ndiye wina azisunga mfuti m'nyumba chifukwa chokonda zakale? Bwanji osasonkhanitsa mawotchi kapena masitampa? Tsiku lina mudzakangana ndi akunyumba, mtima n'kuwira, chidzachitike n'chiyani?

NaPhiri_Glasgow
Mayi, nkhawa yanu si yopanda pake, ndipo apolisi kuno amafunsa mafunso omwewo. Asanakupatseni chiphaso amafuna lipoti la dokotala wanu, anthu okuikirani umboni, ndipo amabwera kunyumba kudzacheza nanu ndi kuona kabati yachitsulo yokhomerera kukhoma. Makiyi ake ngakhale amuna anga sadziwa komwe ali, ndipo sayenera kudziwa. Chiphasocho n'cha zaka 5, ndipo kukamveka za nkhanza m'banja kapena kuledzera mosadziletsa amabwera kudzatenga mfutizo. Sindikunena kuti zoipa sizichitika. Koma ngati m'nyumba mulibe mtendere, ndigwirizana nanu, mfuti isalowemo.

Mayi_a_Chisomo
Ndamva, achemwali. Koma kwanga isafike.

Jimu_wa_Luton
Funso pang'ono. Ndinamva kuti mfuti ikakhala yakale kwambiri siifuna chiphaso. Ndiye iyi ya 1920 si ili m'gulu lomwelo?

Wosunga_Zakale
Ayi, ndipo musayerekeze. Lamulo limalola kusunga popanda chiphaso mfuti yopangidwa chisanafike Seputembala 1939 ngati ili ya mtundu womwe boma linauika pamndandanda wa zomwe zipolopolo zake zinasiya kupezeka, ndipo mukuisunga ngati chokongoletsera basi. 12 bore siili pamndandanda umenewo, zipolopolo zake zili mbwee. Ndipo ngakhale ija yololedwayo, tsiku lomwe mwaganiza zoiwombera iyenera kulembedwa pachiphaso.

Mphwanu_wa_Cape
Moni kuchokera kumwera kuno. Ife ku Western Cape mvula imagwa nthawi yozizira, ndipo ndi nthawi yomweyonso alimi a tirigu ku Overberg ndi ku Swartland amadandaula ndi atsekwe. Abwana anga akale pa famu anali ndi mfuti ya ku England ya agogo awo, ndipo ankapita nayo m'minda yonyowa osaopa. Chomwe chinawavuta tsiku lina si dzimbiri koma thabwa. Linamwa madzi n'kutupa, safety, kaloko koletsa mfuti kulira, n'kuyamba kulimba. Anaisiya kaye mpaka mmisiri ataiona. Ndiye mukaona safety kapena trigger yasintha kachitidwe mvula itaigwera, musaikakamize, tulutsani zipolopolo mubwerere.

Kuno lamulo la Firearms Control Act la 2000 limasiyanitsa laisensi ya wosonkhanitsa ndi ya mlenje, ndipo mfuti iliyonse imakhala ndi laisensi yakeyake. Inu a ku Britain muli pabwino, chiphaso chimodzi mfuti zingapo.

Zondiona_Leeds
Ndiye mwati mvumbi kuyambira Okutobala mpaka Januwale? Paja amati mvula ikakuona litsiro siikata. Kasambeni, achimwene.

Mlenje_wa_Nith
Hahaha, ku Leeds komwe kuli dzuwa lanji? Akuluakulu, ndaitembenuza monga ananenera madala. Palembedwa NITRO PROOF, pali 1⅛ oz, ndi 2½". Pathabwa palibe pakuda. Ndiye ndinganyamuke wa ku Solway?

Bakha_Sagona
Dikirani kaye, amwene. Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndiyankhule, chifukwa ine ndimasaka m'matope a m'mphepete mwa nyanja kumbali ya England, ndipo aliyense pano wakamba za mvula n'kuiwala kuti munthuyu watchula Solway. Mvula ya kumunda ndi nkhani ina, ku Solway ndi nkhani ina.

Kumeneko madzi ndi amchere, matope ndi amchere, ngakhale mphepo imanyamula mchere. Mumagona m'ngalande kusanache, mfuti ili pamiyendo, galu akudzikutumula pambali panu. Dzimbiri limayamba musanafike n'komwe pagalimoto. Mchenga ukalowa potsekera mfuti umadya chitsulo nthawi iliyonse mukatsegula ndi kutseka.

Koma chachikulu ndi lamulo la machaka a mtovu. Ku England analetsa mu 1999 kuwombera abakha ndi atsekwe ndi mtovu. Ku Scotland lamulo lawo la 2004 limayang'ana malo: simuwombera mtovu pamadambo, panyanja, kapena m'mphepete mwake, kaya mukusaka mbalame yanji. Chifukwa chake n'chakuti abakha amatola machaka ogwera m'matope poyesa timiyala togayira chakudya, n'kumafa ndi poizoni. Ndiye ku Solway, mbali iliyonse, mtovu ayi. Mutsala ndi machaka achitsulo kapena a bismuth.

Achitsulo ndi olimba, safinyika podutsa pa choke, pothina pa kukamwa kwa mpope, monga umachitira mtovu. Malangizo omwe amaperekedwa kuno ndi akuti zipolopolo za standard steel zikhoza kulowa m'mfuti ya nitro proof yomwe ili bwino, choke isapitirire half (kuthina kwapakatikati), ndipo m'mipope ya Damascus ayi. Za high performance zimafuna mfuti yokhala ndi chidindo cha duwa lija la fleur-de-lys, chomwe yanu ilibe. Onjezani kuti chamber yanu ndi ya 65, pomwe zachitsulo zambiri ndi za 70 kapena 76. Bismuth ndi wofewa, sawononga mpope, koma mtengo wake mukaumva mukhala pansi.

Ndipo ngakhale zonsezi zitatheka, mfuti yanu ndi yopepuka, ya makilogalamu atatu kapena kuchepera, yopangidwira pheasant ndi nkhwali za kuno. Tsekwe ndi chimbalame cholimba, chouluka patali. Akale omwe ankasaka atsekwe anali ndi mfuti zakezake, zolemera, za chamber ya mainchesi 3, ena 8 bore, ena mpaka 4 bore. Ndi kanu aka mungovulaza mbalame n'kukafera kutali. Zimenezo si ulenje.

Madala_a_Brum
Apa ndilibe chotsutsa. Ine ndimateteza mfutiyi pa mvula ya kumwamba, osati pa madzi a m'nyanja.

Wosunga_Zakale
Mwayamba kubwera kwathu, madala.

Madala_a_Brum
Sindinasunthe. Loweruka la pheasant apite nayo, igwe mvula isagwe. Nkhunda apite nayo. Inu mukufuna ikhale m'kabati mpaka mwini wake atamwalira, ana ake n'kudzaipereka kupolisi kuti akaidule.

Mlenje_wa_Nith
Amwene a Bakha, zikomo, ngakhale mwandidula miyendo. Ndiye kuti kumbali yathu ya Scotland munthu amangopita, kapena pamafunika kalabu?

Bakha_Sagona
Ku England nthawi zambiri mumalowa kalabu yomwe ili ndi chilolezo cha malowo. Ku Scotland anthu ali ndi ufulu wosaka pamalo apakati pa pomwe madzi a m'nyanja amalekeza akakwera ndi pomwe amalekeza akaphwa, koma malo otetezedwa ngati Caerlaverock ali ndi malamulo awoawo ndipo pamafunika chilolezo. Nyengo imayamba pa 1 Seputembala, kumtunda imatha pa 31 Januwale, m'mphepete mwa nyanja pa 20 Febuluwale. Lamulungu ku Scotland sasaka abakha ndi atsekwe. A BASC, bungwe la alenje kuno, ali ndi zonsezi, ndipo umembala wawo umabwera ndi inshuwalansi.

Koma musapite nokha chaka choyamba. Madzi a ku Solway amakwera mothamanga, amadzaza ngalande za kumbuyo kwanu inu mukuyang'ana kutsogolo, ndipo kuli mchenga womeza munthu. Chinanso, muyenera kudziwa mbalame ndi kulira kwake kukadali mdima. Atsekwe a pink-footed ochokera ku Iceland ndi Greenland ndi ololedwa. A barnacle, akuda ndi oyera aja, omwe amachokera ku Svalbard kudzathera nyengo yozizira ku Solway komweko, ndi otetezedwa. Mukalakwitsa pamenepo, chiphaso chanu chikhoza kupita.

Mwana_wa_Chilwa
Za mtovuzi zandigwira mtima. Kwathu ku nyanja ya Chilwa anthu amadalira mbalame za m'madzi ngati ndiwo ndi malonda, makamaka nsomba zikasowa. Ambiri amatchera misampha, ena ochepa ali ndi mfuti. Nyanjayi inalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, mu 1996, koma pokambirana za mbalame ndinkangomva za kuchuluka kwa zogwidwa. Machaka omwe amagwera m'matope sindinamvepo wina akuwatchula.

Bakha_Sagona
Kuno nakonso zinatenga zaka zambiri anthu akukana. Mu 2020 mabungwe a alenje analonjeza okha kuti asiya mtovu m'zaka 5, sizinayende momwe ankanenera, ndipo mu 2025 boma linalengeza kuti liletsa machaka a mtovu pafupifupi paliponse, ndi nthawi yoti anthu akonzekere. N'chifukwa chake mfuti za 2½ zatsika mtengo. Anthu akuzithawa.

Wosunga_Zakale
Azizithawa, ife tizitola.

Jimu_wa_Luton
Nanga sangangoboola chamber ifike 70, n'kukuza choke, nkhani n'kutha?

Madala_a_Brum
Zimatheka ngati chitsulo chilipo chokwanira, koma mukatalikitsa chamber mfuti yatuluka mu proof, iyenera kukayesedwanso, ndipo ikhoza kulephera mayesowo, mpope n'kutupa kapena kung'ambika. Ndalama zake zikhoza kuposa zomwe anagulira. Kukuza choke kokha sikufuna kuyesanso. Ine ndikanaisiya momwe ilili. Zipolopolo za 65 zikupezekabe, ndipo mfuti yopepuka imakoma ndi zopepuka, magalamu 28 basi, phewa osapweteka.

Chimodzi chomwe sitinakambe: anthu okonda zakale amakondanso zipolopolo za chikopa cha pepala chifukwa cha fungo lake. Tsiku la mvula zisiyeni kunyumba. Pepala likanyowa m'thumba limatupa, chipolopolo chimakana kulowa, kapena chikalowa chimakana kutuluka. Tengani za pulasitiki zokhala ndi fibre wad, chotsekera chamkati chomwe chimaola, kuti musasiye zinyalala m'munda mwa eni.

NaPhiri_Glasgow
Ndipo mukagwa m'matope, zomwe zimachitika tsiku lonyowa, tsegulani mfuti, chotsani zipolopolo, muyang'ane m'mipope yonse iwiri musanapitirize. Kadothi kotseka kukamwa n'kokwanira kuphulitsa mpope. Izi sizisankha mfuti yakale kapena yatsopano.

Wosunga_Zakale
Popeza mwatsimikiza kuinyowetsa, chitani ichi chokha. Mukamasula mipope, muikoloweke pachala ndi kambedza kake kapansi, muigogode pang'ono ndi chikhadabo kapena pensulo. Ikalira ngati belu, rib ili bwino. Ikalira mogonthera, ndiye kuti solder yomwe inamata rib yalekana penapake, madzi azilowa pakati pa mipope iwiriyo n'kumadya chitsulo mkati momwe simungapukute. Yoteroyo isaone mvula mpaka mmisiri ataimatanso. Ndipo wina akadzakuuzani kuti aidetse mipope poiviika m'mankhwala otentha aja amachitira mfuti zatsopano, mukane. Amadya solder. Zakale amazidetsa pang'onopang'ono, mwa njira yakale.

Mlenje_wa_Nith
Ndayesa pompano. Yalira bwino, mpaka akunyumba afunsa kuti ndani akuimba belu. Ndapangana ndi mmisiri wina ku Carlisle kuti aiyeze sabata yamawa. Akavomereza, Loweruka la alonda ndi ovumbulutsa kumapeto kwa Januwale ndidzapita nayo, mvula kaya ayi. Za ku Solway ndiyamba ndapeza ina yoti izimwa mchere, komanso munthu wondiperekeza. A Bakha, mbali yanuyo alendo mumalandira?

Bakha_Sagona
Timalandira, koma ulendo woyamba mubwere opanda mfuti. Mudzanyamule khofi ndi kuphunzira kusiyanitsa atsekwe. Nsapato zazitali zofika m'chiuno mukhale nazo zanu, zanga sindibwereketsa.

Madala_a_Brum
Kwa mmisiriko mukamuuze ayezenso choke ya mpope wakumanzere. Pa mfuti za zaka zimenezo kawirikawiri ndi umene umakhala wothina, ndipo muyenera kudziwa nambala yake mtovu usanathe m'masitolo. Mutumizenso chithunzi cha zidindozo pano. Ngati pali tindodo tiwiri topingasa tokhala ndi chilembo pakati, tikhoza kukuuzani chaka chenicheni chomwe inayesedwa.

Wosunga_Zakale
Ndipo akakapeza kuti chitsulo chapyapyala, musaitaye. Mundiuze ine kaye.